Foni ikabedwa: zimene zimalepheretsa wakuba kuifufuta n'kuigulitsa ngati yatsopano

Funso limene anthu ambiri muno mu Zomba amafunsa foni yawo ikabedwa, kaya ndi pa depoti, mu msika waukulu kapena m'minibasi yochokera ku Limbe, limakhala lakuti kodi pali njira yoletsera wakubayo kufufuta zonse za m'foni n'kuiyambitsanso ngati yangotuluka m'katoni. Zoona zake n'zakuti munthu amene foni ili m'manja mwake, ndipo ali ndi nthawi yokwanira, akhoza kuifufuta ngakhale sakudziwa PIN yanu. Mafoni a Android ali ndi njira ina yosadzera pa loko ya pa sikirini: munthu amazimitsa foni, n'kudina batani loyatsira pamodzi ndi la voliyumu, kenako pamatuluka tsamba lakuda la timalemba ting'onoting'ono, pamene pali mzere wakuti "Wipe data/factory reset". Ikakhala iPhone amailumikiza ku kompyuta n'kuchita zofananazo. Palibe pulogalamu ya pa Play Store imene ingatseke njira imeneyi, chifukwa tsambalo limatuluka Android yeniyeniyo isanayake, pamene mapulogalamu onse amene munaikamo amakhala asanayambe kugwira ntchito. Amene angakulonjezeni pulogalamu yotero akungofuna kukudyerani ndalama ndi bandulo.

Zimenezi zisakufooketseni, pakuti kufufutako pakokha si kumene kumapweteka kwambiri. Foni ikafufutidwa, zithunzi zanu, macheza a pa WhatsApp, manambala a anthu ndi mapulogalamu a banki zimachoka zonse, ndipo wakubayo sangazionenso. Iye amafuna foni yoyera yoti akaigulitse pa mtengo wabwino. Choncho chimene chili m'manja mwanu ndi kuonetsetsa kuti foniyo ikafufutidwa ikane kutseguka kwa wina aliyense kupatula inu, komanso kuti isanafufutidwe wakubayo asalowe mkati, chifukwa wakuba woopsa kwenikweni ndi amene safulumira kufufuta koma amayamba wafufuza kaye kumene kuli ndalama zanu. Zonse ziwirizi zimakonzedwa foni idakali m'thumba mwanu, ndipo ikapita zochita zimatsala zochepa.

Loko imene imatsala foni ikafufutidwa

Kuyambira pa Android 5.1, imene inatuluka mu 2015, mafoni a Android ali ndi chitetezo chotchedwa Factory Reset Protection, chimene okonza mafoni amangochitchula kuti FRP. Foni imene muli akaunti ya Google komanso loko ya pa sikirini ikafufutidwa kudzera pa mabatani aja, imayaka bwinobwino, imapempha kuti ilumikizidwe ku intaneti, kenako imaima n'kufuna PIN yakale kapena imelo ndi pasiwedi ya akaunti imene inalimo isanafufutidwe. Popanda zimenezo siipitirira. Kampani ya Apple inayamba kale zofananazo mu 2013 pa iOS 7, ndipo kumeneko zimatchedwa Activation Lock, zomwe zimadzitchera zokha mukangoyatsa Find My, chida chofufuzira foni yotayika, pa iPhone yanu. Mafoni a Huawei amene anatuluka opanda mapulogalamu a Google chaka cha 2019 chitadutsa amadalira akaunti ya Huawei m'malo mwake.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachimvetsa, ndipo n'chimene chimachititsa kuti loko imeneyi ilephere pa mafoni ambiri obedwa. FRP imagwira pokhapokha foni ikafufutidwa mozembera. Munthu akalowa mu Settings n'kufufuta foni kuchokera mmenemo, kapena akayamba wachotsa akaunti ya Google, foniyo imatenga kuti amene akuchita zimenezi ndi mwini wake, ndipo imayambanso yopanda loko iliyonse. Kuti achite zimenezo amangofunika PIN kapena pateni ya pa sikirini basi. Ndiye kuti chitetezo chonsechi chatsamira pa manambala ochepa aja amene mumadina kambirimbiri pa tsiku anthu akuona.

Tisabise kuti FRP imathyoledwa. M'tauni iliyonse muli anyamata amene ntchito yawo ndi kuflasha mafoni, kutanthauza kusintha mapulogalamu oyendetsa foni, pogwiritsa ntchito laputopu ndi kathambo, ndipo mafoni akale komanso otsika mtengo amene anasiya kulandira zokonza za chitetezo savuta kwa iwo. Android 15, ya mu 2024, inalimbitsa mbali imeneyi kotero kuti ngakhale munthu atalumpha tsamba lofunsa akaunti, foniyo imakanabe kuti aikemo akaunti ina ya Google, loko yatsopano kapena mapulogalamu. Activation Lock ya pa iPhone ndi yovuta kuposa pamenepa chifukwa chilolezo chotsegulira chimachokera ku makompyuta a Apple, osati m'foni mokha. Komabe ngakhale foni yokanika kutsegula imakhala ngati galimoto yofa injini, imene anthu amaiphwasula n'kugulitsa zitsulo: sikirini, batire ndi kamera zimapeza msika. Phindu lanu ndi lakuti zinsinsi zanu zatetezeka ndipo wakubayo wapeza zochepa. Pa chifukwa chomwechi, musamakane foni ikapempha kuika zokonza zatsopano poopa kutha kwa bandulo, ndi bwino kudikira pamene mwapeza Wi-Fi n'kuzilola. Ngatinso wina anakutsegulirani Developer options, gawo la mu Settings la akatswiri a mapulogalamu, onetsetsani kuti mmenemo OEM unlocking ndi USB debugging ndi zozimitsa, popeza ndi zimene oflasha amayamba kuyang'ana.

Akaunti imene mwini wake saidziwa

Vuto limene limabwerezabwereza kwambiri kwathu kuno silili m'foni ayi, koma m'mene foniyo inayambitsidwira tsiku logula. Munthu amagula Tecno kapena Itel yake mu shopu, ndipo poti akufuna kuti atuluke WhatsApp ndi Facebook zikugwira kale, amapereka foniyo kwa mnyamata wa pa kauntala kuti amukonzere. Mnyamatayo amatsegula Gmail mofulumira, amaphatikiza dzina la wogulayo ndi manambala amene angomubwerera m'mutu, amalemba pasiwedi kuseri kwa lisiti ngati wakumbukira kutero, ndipo lisitilo limakathera m'thumba la thalauza limene likupita kochapa. Zaka ziwiri zimadutsa popanda vuto chifukwa foni siifunsanso pasiwediyo. Tsiku limene yabedwa, mwini wake amakhala pa kompyuta ya mnzake osadziwa ngakhale imelo yake yomwe, ndipo sangaione foniyo pa mapu, sangaitseke, sangabwezenso manambala a anthu amene anasungidwa mu akauntiyo. Nthawi zina wogulitsayo amaikamo akaunti yakeyake imene waika kale m'mafoni ena ambiri, zomwe zikutanthauza kuti amene ali ndi mphamvu pa loko ya foniyo ndi iyeyo osati inu.

Njira yodziwira ngati muli m'gulu limeneli ndi yosavuta. Lowani mu Settings, pitani pa Google, ndipo muone imelo imene yalembedwa pamwamba. Kenako bwerekani foni kapena kompyuta ina, tsegulani android.com/find, ndipo muyese kulowa ndi imeloyo ndi pasiwedi yochokera m'mutu mwanu. Mukalowa n'kuona foni yanu pa mapu, zinthu zili bwino, ndipo musaiwale kutulukamo musanabweze chipangizo cha eni ake. Mukalephera, sinthani pasiwediyo lero lomwe foni idakali ndi inu, pamene Google ingathe kukutsimikizirani kudzera pa foni yomweyo. Ngati akauntiyo si yanu n'komwe, kapena ndi ya munthu amene anakugulitsani foni yogwiritsidwapo kale ntchito, tsegulani yanu, samutsirani manambala a anthu mmenemo, ndipo yakaleyo ichotsedwe.

Mukadali momwemo, onani nambala ya foni imene yaikidwa kuti izithandiza kubwezera akaunti. Ambiri amaika nambala ya SIM imene ili m'foni yomweyo, ndipo foni ikapita nambala yotsimikizira imatumizidwa kwa wakuba. N'kwanzeru kuwonjezera nambala kapena imelo ya munthu amene mumamukhulupirira, monga akazi anu, amuna anu kapena mchemwali wanu. Amene anayatsa 2-Step Verification, njira imene imafuna chitsimikizo china kuwonjezera pa pasiwedi, atenge manambala apadera amene Google imapereka, omwe amakhala 10 ndipo iliyonse imagwira kamodzi kokha, awalembe papepala n'kuwasunga kunyumba pamodzi ndi katoni ya foni. Pa pepala lomwelo lembaniponso IMEI, nambala ya madijiti 15 yozindikiritsa foni yanu, imene imatuluka mukaimba *#06#. Foni ya SIM ziwiri imakhala ndi ma IMEI awiri, ndipo onse ndi ofunika.

PIN, pateni ndi foni yolandidwa ili yotsegula

Pateni yojambula ndi chala imaoneka patali kuposa mmene anthu amaganizira. Amene wakhala kumbuyo kwanu m'minibasi yopita ku Songani, kapena amene waima pambali panu pa mzere wa ejenti, amaiona kamodzi n'kuisunga, ndipo ngakhale asanaione, mafuta a chala amasiya mzere pa galasi umene umaoneka foni ikapendekedwa pa dzuwa. PIN ya manambala 4 ili ndi mitundu 10,000 pamene ya manambala 6 ili ndi 1,000,000, koma kuchulukaku kulibe ntchito ngati mwasankha chaka chanu chobadwa, pomwe chiphaso chanu cha unzika chili m'kachikwama komwe kabedwa limodzi ndi foniyo, kapenanso mwachilowetsa kuseri kwa kava monga amachitira ambiri. Pa gulu tsegulani ndi chidindo cha chala kapena nkhope kuti PIN isaoneke, ndipo PIN ya pa sikirini isafanane ndi ya Airtel Money, ya Mpamba kapena ya ku banki. Chepetsaninso nthawi imene sikirini imakhala yoyaka musanaigwire, masekondi 30 ndi okwanira. Mauthenga asamaonetse zolembedwa zake foni ili yotseka, chifukwa nambala yotsimikizira yochokera ku banki kapena ku WhatsApp ikhoza kuwerengedwa popanda kutsegula kalikonse.

Foni yotsomphoredwa m'manja mukuigwiritsa ntchito, monga pamene mukulemba uthenga m'mbali mwa msewu wa M3 madzulo kapena mwakhala pa windo la basi, imapita ili yotsegula kale. N'chimodzimodzinso ndi imene mwabwereka munthu amene wati mayunitsi amuthera ndipo akufuna kuimbira m'bale wake, kenako n'kuzemba nayo m'chigulu. Pofuna kuthana ndi zimenezi, mu 2024 Google inabweretsa zida zitatu pa mafoni a Android 10 kupita m'tsogolo, ndipo zimapezeka mu Settings, pa Google, pansi pa Theft protection. Theft Detection Lock imatseka sikirini foni ikamva kugwedezeka kofanana ndi kwa munthu amene waitsomphola n'kuthamanga nayo, kaya wapansi kaya pa njinga. Offline Device Lock imatseka sikirini foni ikachotsedwa pa intaneti kwa kanthawi, zomwe akuba amachita kuti musaipeze. Remote Lock imakulolani kuitseka muli patali polemba nambala yanu ya foni pa android.com/lock, ngakhale pasiwedi itakusokonekerani chifukwa cha mantha. Muziyatse nokha ndipo musaganize kuti zinabwera zoyatsa kale. Ngati simukuzipeza, n'kutheka kuti foni yanu ili ndi Android Go, mtundu wopepuka umene umaikidwa m'mafoni ambiri otsika mtengo, umene sulandira zina mwa zidazi, ndipo zikatero dalirani PIN yolimba ndi sikirini yozima msanga.

Eni iPhone ayatse Stolen Device Protection, imene inabwera ndi iOS 17.3 mu January 2024. Isanabwere, munthu wodziwa PIN yokha ankatha kusintha pasiwedi ya akaunti ya Apple, kuzimitsa Find My ndi kumutsekera kunja mwini foni m'mphindi zochepa. Mukaiyatsa, foni ikakhala kutali ndi malo amene inazolowera monga kunyumba kapena kuntchito, zosintha zikuluzikulu zimafuna nkhope kapena chala cha mwini wake, ndipo zina zimadikiritsa ola lathunthu musanatsimikizenso kachiwiri. Mafoni ena atsopano a Android ali ndi chofanana nacho chotchedwa Identity Check. Pa Samsung pali Lock network and security, pansi pa Secure lock settings, imene imaletsa kuzimitsa data ndi Wi-Fi foni ili yotseka, ndipo pa iPhone mukhoza kuletsa Control Center, tsamba lozimitsirapo data ndi Wi-Fi mwachangu, kutseguka pa sikirini yotseka. Zimenezi siziletsa munthu kutulutsa SIM ndi kapini, koma zimakuwonjezerani mphindi zingapo zoti muione foniyo pa mapu.

Palinso chosankha chimene chimachititsa foni kudzifufuta yokha PIN ikalakwitsidwa kambirimbiri, ndipo pa iPhone ndi maulendo 10. M'nyumba mmene muli ana amene amakonda kuseweretsa foni ya makolo, ine sindingalimbikitse kuchiyatsa pokhapokha ngati zonse zofunika zimasungidwa pa intaneti nthawi zonse. Google imapereka malo aulere okwana 15 GB ndipo iCloud imapereka 5 GB, zomwe n'zokwanira manambala a anthu, macheza ndi zikalata ngakhale zithunzi zonse zisakwane.

SIM ndi imene imatsegula ndalama

Loko zonse zimene tatchulazi zimateteza foni, koma SIM imatuluka n'kulowa m'foni ina iliyonse, ngakhale ya mabatani. Mmenemo wakubayo amalandira mauthenga anu onse, akhoza kuimba *211# kapena *444# n'kuyamba kuyesa PIN ya ndalama, akhoza kulembetsa WhatsApp yanu m'foni yake n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu ndi a kumpingo ngati kuti ndinu, ndipo akhoza kuyesa kubwezera pasiwedi ya Google kudzera pa nambalayo. Akalowa mu akaunti ya Google ndiye kuti FRP yatha ntchito, popeza tsopano ali ndi chimene loko ija imafunsa. Mankhwala ake ndi PIN ya pa SIM yeniyeniyo, imene imayatsidwa mu Settings pa SIM card lock, ndipo imafunsidwa nthawi iliyonse foni ikayatsidwa kapena SIM ikaikidwa m'foni ina. Poyatsa, foni imayamba yafunsa PIN imene SIM inabwera nayo. Musailote, chifukwa mukalakwitsa katatu SIM imatsekeka n'kufuna PUK, nambala ya madijiti 8 imene imakhala pa khadi limene munathyolapo SIM, ndipo PUK ikalakwitsidwa maulendo 10 SIM imaferatu. Funsani ku shopu ya Airtel kapena TNM, kenako musinthe PIN yoyambayo n'kuika yanu. Pa WhatsApp yatsaninso Two-step verification, imene imafuna PIN ya manambala 6 munthu akafuna kulembetsa nambala yanu pa foni ina.

Foni ikangobedwa

Bwerekani foni yapafupi n'kuitseka yanuyo pa android.com/lock kapena pa android.com/find, malo amene kale ankatchedwa Find My Device ndipo kuyambira mu 2025 akutchedwa Find Hub. Wa iPhone alowe pa icloud.com/find n'kuika foniyo pa Lost Mode, ndipo tsamba limeneli silifuna nambala yotsimikizira yotumizidwa ku foni yotayikayo. Ngati mukuganiza kuti ikadali pafupi, mwachitsanzo m'kalasi ku Chirunga, mu ofesi kapena m'nyumba ya maliro, iliziritseni, pakuti ya Android imalira mokweza kwa mphindi 5 ngakhale inali yotsekedwa mawu. Mukatero imbirani kampani ya netiweki kuti itseke SIM ndi akaunti ya ndalama, komanso banki yanu ngati nambalayo ndi yolumikizidwa ku Mo626 kapena njira ina yotere. Ena amazengereza kutseka SIM poganiza kuti foni ikataya data sadzaionanso pa mapu. Maganizowa ali ndi mfundo, koma wakuba wozolowera amatulutsa SIM asanafike patali, ndipo ndalama zikachoka kuzibweza n'kovuta kuposa kugula foni ina, choncho tsekani tsiku lomwelo. Ngati foni inapita yotsegula kapena mukukayikira kuti PIN yanu inaonedwa, sinthaninso mapasiwedi a Google, Facebook ndi imelo mukangomaliza kuitseka.

Ku polisi pitani ndi IMEI, lisiti ndi katoni ngati zilipo. IMEI siisintha foni ikafufutidwa mwa njira wamba, ndipo foniyo ikaikidwa SIM ina, makina a kampani ya netiweki amalemba kuti nambala yakutiyakuti ikugwira ntchito m'foni ya IMEI imeneyo. Popeza SIM iliyonse m'Malawi imalembetsedwa ndi chiphaso malinga ndi malamulo a MACRA, apolisi akatsata njira za malamulo akhoza kufunsa makampaniwo n'kufika kwa amene akuigwiritsa ntchito. Zimatenga nthawi ndipo sizitheka nthawi zonse, koma popanda IMEI apolisi amangokhala ndi mtundu ndi maonekedwe a foni, zomwe zimafanana ndi mafoni ena mazanamazana mu mzinda muno. Kenako tengani chiphaso chanu cha unzika mukabwezeretse nambala yanu pa SIM yatsopano, ndipo mukangolembetsa WhatsApp pa foni ina, ya m'foni yobedwayo imatuluka yokha.

Zikakanika kuyenda mmene mumayembekezera

Nthawi zambiri mapu amaonetsa malo akale kapena amanena kuti foni siikupezeka. Izi zikutanthauza kuti yazimitsidwa, yachotsedwa SIM, ilibe bandulo, kapena Location inali yozimitsa. Tumizanibe lamulo lotseka, chifukwa limadikira n'kugwira foniyo ikangolumikizidwa ku intaneti. Mafoni a Android amathanso kudziwitsa malo awo kudzera pa Bluetooth ya mafoni ena a Android amene adutsa pafupi, ngati mbali imeneyi inayatsidwa mu Find Hub, ndipo mwachionekere izi zimathandiza pamalo podzaza anthu monga mu msika kapena ku Chinamwali kuposa kumidzi ya ku Jali kapena ku Kachulu. iPhone 11 ndi zina zotsatira zimatha kupezeka kwa kanthawi ngakhale zitazimitsidwa. Eni Samsung amene anatsegula akaunti ya Samsung ali ndi njira yachiwiri yofufuzira pa SmartThings Find, ndipo ndi bwino kuyesa zonse ziwiri.

Ngati Google ikukana kukulowetsani chifukwa ikutumiza chitsimikizo ku foni yobedwayo, gwiritsani ntchito imodzi mwa manambala 10 aja, kapena laputopu imene munalowapo kale ndi akauntiyo, kapena dikirani SIM yatsopano kuti uthenga ufike kwa inu. Musayese mapasiwedi ambirimbiri pa makompyuta osiyanasiyana, chifukwa zimenezo zimachititsa Google kukukayikirani kwambiri.

Kadontho kakaoneka pa mapu, musapiteko nokha kapena ndi gulu la anzanu. M'malo othithikana ngati ku Chikanda kapena ku Mpondabwino, bwalo limene mapu ajambula likhoza kuphimba nyumba zingapo za lendi, ndipo kuloza munthu wolakwika kuti ndi wakuba kukhoza kumuphetsa kwa anthu olusa, inu n'kutsala ndi mlandu waukulu kuposa mtengo wa foni. Jambulani sikirini yoonetsa malo ndi nthawi, mukapereke kwa wapolisi amene akuyendetsa nkhani yanu.

Patapita masiku kapena milungu, mukhoza kulandira uthenga wonena kuti foni yanu yapezeka ndipo mudine pa linki kuti muone kumene ili. Tsamba limene limatseguka limafanana ndi la Apple kapena la Google, koma ndi msampha wofuna pasiwedi yanu, ndipo kubwera kwa uthengawo ndi chizindikiro chakuti loko ikugwira ntchito ndipo yawakanika. Ena amaimba mwaulemu, kunena kuti anagula foniyo mosadziwa, n'kupempha kuti muwauze nambala imene yangobwera pa foni yanu kapena kuti muichotse pa akaunti yanu kuti akubwezereni zithunzi. Musapereke nambala iliyonse yotsimikizira, ndipo pa iPhone musadine Remove This Device, chifukwa batani limenelo ndi limene limachotsa Activation Lock n'kusiya foniyo yokonzeka kugulitsidwa. Amene akufunadi kubweza foni auzeni kuti mukakumane ku polisi.

Kufufuta foni muli patali ndi chinthu choganizira mofatsa. Ya Android ikafufutidwa motero simudzaionanso pa mapu, ngakhale kuti idzafunabe akaunti yanu munthu akafuna kuiyambitsa, ndipo zimene zili pa memori khadi mwina sizichoka. Ya iPhone imakhalabe ndi Activation Lock bola musaichotse pa akaunti. Ngati foni inapita yotseka ndi PIN yabwino, palibe chothamangira, ndipo mukhoza kudikira kuti mwina ioneka. Ngati inapita yotsegula, kapena inalibe loko n'komwe, ndipo muli zikalata za kuntchito, zithunzi zachinsinsi kapena mapulogalamu a ndalama, ifufuteni msanga.

Zimachitikanso kuti foni yabwezedwa ili yofufutidwa, ndipo loko ija yatembenukira mwini wake. Lowani ndi akaunti imene inalimo pa nthawi yobedwa, osati ina imene mwatsegula pambuyo pake. Ngati mwangosintha kumene pasiwedi, foniyo ikhoza kukana mpaka patadutsa maola 24, choncho dikirani musanathamangire kwa oflasha, amene ena mwa iwo amaika mapulogalamu osadziwika kapena kuononga foni. Apple imalandira pempho lochotsa Activation Lock kwa munthu amene ali ndi umboni wogulira woonetsa nambala ya foniyo, ndipo apa m'pamene lisiti yolembedwa IMEI imagwira ntchito.

Wogula foni yogwiritsidwapo kale ntchito, kaya ku Matawale kaya pa tsiku la msika ku Thondwe, apemphe wogulitsayo kuti atsegule foniyo yekha, achotse akaunti yake, aifufute kudzera mu Settings pamaso pake, ndipo adikire mpaka foniyo itayaka n'kulola akaunti yatsopano asanapereke ndalama. Ayerekezenso IMEI yotuluka pa *#06# ndi imene ili pa katoni. Wogulitsa akanena kuti akaunti ndi ya mchimwene wake amene ali ku Johannesburg, kapena kuti pasiwedi anaiwala koma pali mnyamata wina amene aichotsa pa mtengo wochepa, foniyo isiyeni. Kulandira katundu wobedwa ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo apolisi akatsata IMEI amayamba kufika kwa amene SIM yake ili m'foniyo pa nthawiyo.